Mchere wa Agogo Unakana Kusintha Mtundu

Anzanga, amene munandiona Lachisanu lija ndikulowa m'chipinda cha sayansi nditanyamula timapepala titatu ta mchere, ena munaseka n'kumati, "Aise, wayamba geni ya mchere eti?" Ayi, sinali geni. Ndinali ndi funso limene lakhala likundisowetsa mtendere kuyambira teremu yatha pomwe tinkaphunzira za ma halogen, ndipo yankho lake linali m'kabotolo kakuda kolembedwa KI kamene a Madam a Chemistry amakasunga m'kabati yokiya. Ndalemba zonse pano kuti amene mukukonzekera mapulakitiko a MSCE mutolepo kanthu, komanso chifukwa nkhaniyi ikukhudza khitchini ya aliyense wa ife kuno ku Engutwini.

Funso lake linali ili. Agogo anga aakazi ali ndi chithokomiro, chotupa chachikulu chapakhosi chija. Chiyambire ndili mwana ndimawaona akukulunga kampango pakhosi akamapita kutchalitchi, ngakhale kunja kutenthe bwanji. Kumudzi ena amati anachita kuwalodza, ena amati n'chifukwa chosenza mitolo ya nkhuni ali mtsikana. Buku la Biology likuti nthawi zambiri chithokomiro chimabwera thupi likamasowa ayodini, ndipo n'chifukwa chake mumchere amathiramo ayodini. Tsono achemwali anga, amene panopa ndi oyembekezera, akukhala ndi agogowo ndipo akudya ndiwo za mumphika umodzi. Ndinafuna kudziwa: kodi mchere wa pakhomo pajapo ayodini alimo kapena mulibe? Ndi maso sungamuone, ndi lilime sungamumve. Amene angamuulule ndi potassium iodide. Koma kuti mumvetse mmene amachitira, tiyambe tamudziwa kaye mwiniwakeyo.

Ufa woyera m'botolo lakuda

Potassium iodide, amene pachidule timalemba KI, amaoneka ngati mchere wa pa tebulo: timibulu toyera topanda fungo. Amapangidwa ndi potaziyamu wa m'gulu 1 ndi ayodini wa m'gulu 7 pa periodic table. Amasungunuka msangamsanga m'madzi, ndipo madziwo amakhalabe oyera mbee ngati a pa mjigo. Mukasungunula wambiri m'madzi ochepa n'kugwira chubu, mumamva kuzizira, chifukwa posungunukapo amakoka kutentha kuchokera m'madzimo ndi m'dzanja lanu.

Chinsinsi chake chonse chagona pa kusiyana kwa mawu awiri amene ambirife timawasokoneza pa mayeso: iodide ndi ayodini. Iodide, I⁻, ndi atomu ya ayodini imene yalandira elekitironi imodzi yoonjezera. Ikakhala choncho ilibe mtundu, ili phee. Koma elekitironiyo siigwira molimba. Pakabwera chinthu chanjala ya ma elekitironi n'kuilanda, ma atomu awiri amagwirana n'kupanga I₂, ayodini weniweni, ndipo ameneyu sabisala: m'madzi amaoneka wachikasu kapena wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Kulandidwa elekitironi kumeneku ndi kumene m'kalasi timati oxidation. Mukagwira mfundo imeneyi, zambiri zotsatirazi simuchita kuloweza.

N'chifukwa chakenso botolo lake ndi lakuda ndipo limatsekedwa zolimba. KI akakhala pa mpweya, pachinyontho ndi padzuwa, okosijeni amayamba kuba ma elekitironi pang'onopang'ono, ndipo timibulu toyera tija timasanduka tachikasu:

4KI + 2CO₂ + O₂ → 2K₂CO₃ + 2I₂

Mukadzaona KI wachikasu m'botolo, dziwani kuti wina anaiwala kutseka. Sungani mfundo imeneyi, tidzaifuna tikafika pa mchere.

Akakumana ndi kolorini

Kolorini tonse timamudziwa. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 alangizi a zaumoyo ankatiuza kuti tizimuthira m'madzi akumwa, ndipo ali m'mankhwala oyeretsera zovala amene amayi amagula kugolosale. Mu gulu 7 mphamvu yolanda ma elekitironi imachepa mukamatsika: fluorine ndiye woyamba, kenako kolorini, kenako bromine, ayodini n'kukhala wotsiriza mwa anayiwa. Ndiye kolorini akakumana ndi iodide sachedwa:

Cl₂ + 2KI → 2KCl + I₂

A Madam anadontheza madontho awiri a madzi a kolorini mu chubu cha KI, ndipo nthawi yomweyo madzi oyera aja anafiirira. Kolorini watenga malo, ayodini wapitikitsidwa. Pa mayeso amatcha displacement reaction. Funso limene amakonda kutchera nalo msampha ndi lotembenuza: nanga mukathira ayodini m'madzi a sodium chloride? Palibe chimachitika. Wamng'ono sangachotse wamkulu pa mpando.

Pali chinanso chimene chinatidabwitsa. Mnzathu wina wa phuma anathira mankhwala oyeretsera zovala ambirimbiri mu chubu china cha KI. Madzi anafiirira, kenako mtunduwo unazimiririka n'kuyeranso. Tinkaganiza kuti zalephereka, koma ayi. Kolorini akachuluka salekera panjira: amapitiriza kulanda ma elekitironi mpaka ayodini uja asanduke iodate, IO₃⁻, amenenso alibe mtundu. Choncho ayodini ali ndi malo awiri obisalira, iodide mbali ino ndi iodate mbali inayo, ndipo amaoneka pokhapokha ali pakati. Gwiritsitsani pamenepa.

Chenjezo: mankhwala oyeretsera zovala musawasakanize ndi asidi aliyense, ngakhale viniga. Amatulutsa mpweya wa kolorini umene umawotcha maso ndi mapapo.

Chikasu cha lead

Iyi ndi imene imatichititsa kukuwa m'kalasi. Machubu awiri, onse a madzi oyera: china cha lead nitrate, china cha KI. Mukawaphatikiza, chikasu chowala ngati cha dzira chimatulukira pomwepo:

Pb(NO₃)₂ + 2KI → PbI₂ + 2KNO₃

Apa samalani, chifukwa zikusiyana ndi za kolorini. Palibe amene walanda elekitironi. Ma ion angosinthana abwenzi: lead wagwirana ndi iodide n'kupanga lead iodide, amene sasungunuka m'madzi ozizira, ndiye amaoneka ngati matope achikasu otsikira pansi. Matope oterewa ndi amene timati precipitate. Mukatenthetsa chubu m'madzi okwanira, chikasucho chimasungunuka n'kusowa. Mukachisiya kuti chizizire pang'onopang'ono, chimabwereranso ngati timamba ta golide tonyezimira tikugwa m'madzi.

Koma paja chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Lead ndi poizoni amene amaononga ubongo, makamaka wa ana. Zotsala zake sizitayidwa m'munda kapena pafupi ndi mjigo. Timazipereka kwa aphunzitsi, kenako n'kusamba m'manja ndi sopo.

Phindu lake pa mapulakitiko ndi lakuti KI amakuuzani ngati m'madzi osadziwika muli lead. Silver nitrate nayenso amapanga precipitate ndi KI, koma chikasu chake ndi chotuwa, chosawala ngati cha lead iodide. Polemba zimene mwaona, musangoti "zasintha mtundu". Tchulani mtunduwo, ndipo nenani ngati ndi madzi amene asintha kapena pali precipitate. Mamalikisi amathawira pamenepo.

Thovu la hydrogen peroxide

Hydrogen peroxide, H₂O₂, ndi madzi aja amagulitsa ku famase otsukira mabala. Paokha amasweka pang'onopang'ono n'kusanduka madzi ndi okosijeni:

2H₂O₂ → 2H₂O + O₂

Mukathiramo KI pang'ono, ntchito imene ikanatenga miyezi imachitika m'mphindi zochepa. Mukaonjezeramo sopo wamadzi, okosijeniyo amakodwa m'sopo ndipo thovu limakwera mpaka kusefukira. Chubu chimatentha. Mukalowetsa kamtengo konyeka kopanda lawi pakamwa pa chubu, kamayakanso, umboni wakuti mpweyawo ndi okosijeni.

Onani kuti mu equation ili pamwambayi KI mulibe. Iye ndi catalyst: amafulumizitsa zinthu koma pamapeto amatsala. Ali ngati oitanira minibasi pa depoti ku Mzimba boma. Amakuwa, amakoka zikwama, minibasi imadzaza msanga n'kunyamuka, koma iwo sakwera. Amatsala pomwepo kudikira ina. Thovulo limakhala ndi kachikasu pang'ono chifukwa iodide wina wochepa amalandidwabe elekitironi n'kukhala ayodini.

Ayodini wa ku Biology uja

Tonse tinayesapo sitachi m'tsamba kapena m'mbatata ndi madzi ofiirira otchedwa iodine solution. Ambirife sitidziwa kuti m'botolo limenelo mulinso KI. Ayodini payekha amasungunuka movutikira kwambiri m'madzi. Koma m'madzi mukakhala iodide, awiriwa amagwirana:

I₂ + I⁻ → I₃⁻

ndipo I₃⁻ amasungunuka bwinobwino. Dokotala wa ku France, Jean Lugol, ndi amene anakonza msakanizo umenewu mu 1829, ndipo mpaka lero umadziwika ndi dzina lake.

Sitachi ili ndi timaunyolo topotana ngati sipuling'i. Ayodini amalowa mkati mwa timaunyoloto, ndipo zikatero pamatuluka mtundu wabuluu woderako pafupifupi wakuda. Chofunika n'chakuti ngakhale ayodini achepe kwambiri, mwakuti chikasu chake diso silingachione, sitachi imamuulula. Koma sitachi siona iodide ndipo siona iodate. Thirani KI watsopano pa phala: palibe chimachitika.

Tsopano za mchere

Ayodini anatulukiridwa mu 1811 ndi Bernard Courtois wa ku France, amene anathira sulphuric acid pa phulusa la ndere za m'nyanja yamchere n'kuona utsi wapepo ukutuluka. Izi sizinangochitika mwangozi kuti zinali ndere za m'nyanja yamchere. Ayodini wambiri padziko ali m'nyanja zimenezo. M'madera okwera ndi akutali ndi nyanja zamchere, mvula ya zaka zikwizikwi inakokolola ayodini m'nthaka. Chimanga, nyemba ndi mphangwe zomera pa nthaka yotero zimakhala ndi ayodini wochepa, ngakhale zibereke bwanji. Ife tili pamtunda, pafupi ndi mapiri a Viphya, m'dziko losakhudza nyanja yamchere. Usipa ndi matemba ndi ndiwo zabwino zomanga thupi, koma nsomba za m'madzi opanda mchere sizikhala ndi ayodini wochuluka ngati za ku Indian Ocean.

Pakhosi pathu, kutsogolo kwa kholingo, pali kachiwalo kotchedwa thyroid. Kamatola iodide m'magazi n'kupangira thyroxine, homoni imene imalamulira mmene thupi limagwiritsira ntchito chakudya, mmene mwana amakulira ndiponso mmene ubongo umakhwimira. Iodide akamasowa, kachiwaloka kamadzikulitsa pofuna kugwira wochepa yemwe alipoyo. Kutupako ndiye chithokomiro. Chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimaonjezera vutoli, chifukwa poizoni wake thupi limamusandutsa thiocyanate, amene amalimbirana khomo ndi iodide polowa mu thyroid. Kondowole alibe mlandu ngati chinangwa chake chaviikidwa ndi kuyanikidwa bwino.

Chotupa n'chimene chimaoneka, koma choopsa kwambiri ndi chosaonekacho. Mayi woyembekezera akasowa ayodini, ubongo wa mwana m'mimba sukula mokwanira, ndipo zimenezo sizidzakonzekanso mwanayo akabadwa. Amatha kudzavutika m'kalasi moyo wake wonse, anthu n'kumamunena kuti ndi mbuli, pamene vuto linayambira mumphika.

Bungwe la WHO limati munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 a ayodini patsiku, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amafunika 250. Ndinawerengetsera: 150 kuchulukitsa ndi masiku 365, kuchulukitsanso ndi zaka 70, zikukwana pafupifupi magalamu 3.8. Moyo wonse wa munthu, ayodini wosadzaza n'kasupuni ka tiyi komwe! Vuto ndi lakuti amafunika pang'onopang'ono, mosadukiza. Ndiye anthu anaganiza: n'chiyani chimene wolemera ndi wosauka yemwe amadya tsiku lililonse pamlingo wofananirako? Mchere. Dziko la Switzerland, lamapiri komanso losakhudza nyanja yamchere ngati lathuli, linayamba kuthira ayodini mumchere mu 1922, ndipo chithokomiro chimene chinali ponseponse kumeneko chinachepa kwambiri. Kuno ku Malawi lamulo lokakamiza kuti mchere ukhale wa ayodini linakhazikitsidwa mu 1995, ndipo a Malawi Bureau of Standards ndi amene amaona ngati katundu wotere akukwanira pa muyezo. WHO imalangiza mamiligalamu 20 mpaka 40 a ayodini pa kilogalamu iliyonse ya mchere. Tengani 30 wapakati: magalamu 5 a mchere, kasupuni kamodzi, akupatsani mamaikulogalamu 150 ndendende.

Nanga amathiramo chiyani? Mayiko ena ozizira amathira KI yemweyu. Koma mwaona kale zimene zimamuchitikira pa mpweya ndi pachinyontho: amasanduka I₂, ndipo I₂ amauluka ngati nthunzi. M'mayiko otentha ngati kwathu kuno, kumene mchere umayenda mtunda wautali pa malole kuchokera kunja, amathira m'bale wake wolimba, potassium iodate, KIO₃. Tembenuzani paketi ya mchere kunyumba muwerenge. Nthawi zambiri mupeza dzina limeneli.

Ndiye mayeso ake ndi okoma kwambiri. Iodate wa mumchere alibe mtundu. Iodide wa m'botolo la a Madam alibe mtundu. Mukawakumanitsa pali asidi, iodate amalanda ma elekitironi kwa iodide ndipo onse amakumana pakati paja:

IO₃⁻ + 5I⁻ + 6H⁺ → 3I₂ + 3H₂O

Werengani ma atomu: ayodini mmodzi wa mumchere amakoka anzake asanu a mu KI, n'kukhala asanu ndi mmodzi. Kanthu kochepa kaja kakula kasanu n'kamodzi, ndipo sitachi imamaliza ntchito poonetsa buluu. Timabotolo toyesera mchere timene ogwira ntchito zaumoyo amadontheza pa mchere timayendera mfundo yomweyi.

Pamene ndinatsala pang'ono kunamizira munthu

Ndinabweretsa mchere wa mitundu itatu. Woyamba unali wa m'paketi yatsopano imene ndinagula pa golosale ina. Wachiwiri unali wa kwathu, umene unachokeranso m'paketi miyezi ingapo yapitayo koma wakhala m'mbale yosavundikira pambali pa mafuwa. Wachitatu unali wa agogo: mchere wa mibulu ikuluikulu, wotuwa, umene amalume anagula m'thumba lopanda cholembedwa chilichonse kuti azipatsa ng'ombe, agogo n'kumatapako wa ndiwo chifukwa ndi wotchipa.

Sitachi ndinapanga ndekha: kasupuni ka ufa woyera m'kapu ya madzi, kuwiritsa, kusefa, kuziziritsa. Pa asidi ndipo ndinadzionetsa kuchenjera. Ndinati asidi ndi asidi, mandimu ali mbwee kuseri kwa nyumba, ndivutikiranji. Ndinasungunula mchere uliwonse m'kabotolo kake, ndinathira KI, ndinafinyira mandimu osaumira, ndinathira sitachi. Ndinadikira. Palibe. Onse atatu mbee, ngakhale wa m'paketi yatsopano uja.

Mtima unandipsa. Ndinati basi, a golosale aja akugulitsa mchere wachinyengo, ndikawauza pamaso pa anthu. A Madam anandiyang'ana n'kufunsa, "Asidi wako watenga kuti?" Nditawaonetsa makoko a mandimu anaseka. Anatenga chubu, anathiramo sitachi ndi dontho la iodine solution mpaka chinada bii, kenako anafinyiramo ndimu. Buluu yense anazimiririka ndikuona. "Usanakanene munthu," anatero, "yamba wayesa choyesera chakocho."

Mandimu ali ndi asidi, zoona, koma alinso ndi vitamini C, ndipo vitamini C amachita zosiyana ndi kolorini: amabwezera ma elekitironi kwa ayodini n'kumusandutsanso iodide wopanda mtundu. Ayodini ankapangidwa ndithu m'kabotolo kanga, koma vitamini C ankamufufuta nthawi yomweyo. Kumeneku ndiye kumatchedwa reduction, ndipo ndi njira yomwe mungafananitsire vitamini C wa m'gwafa, m'malalanje ndi m'malambe: chipatso chimene chafufuta buluu ndi madontho ochepa ndicho chili ndi wambiri. Kuthupi izi si vuto ayi, poti thyroid imafuna iodide yemweyo. Musaleke kufinyira ndimu pa usipa. Kwasokonekera ndi kuyesa kokha.

Tinayambiranso. Supuni imodzi ya mchere uliwonse m'madzi ofanana, madontho ochepa a asidi wosungunula wa mu labu, KI wongosungunulidwa kumene, ndi sitachi. A Madam anaonjezera kabotolo kachinayi kopanda mchere, ka madzi, asidi, KI ndi sitachi basi. Chifukwa chake n'chakuti KI wakale, kapena KI amene wakhalitsa mu asidi pa mpweya, amatulutsa yekha ayodini ndipo angakupusitseni kuti mchere uli bwino. Kachinayiko kakasanduka buluu msanga, ndiye kuti mayeso onse ndi otayika.

Zotsatira zinali izi. Wa m'paketi yatsopano: buluu wakuda nthawi yomweyo. A golosale aja analibe mlandu. Wa kwathu wa pambali pa mafuwa: buluu wotuwa, wofooka. Wa agogo: mbee, chimodzimodzi kabotolo kopanda mchere kaja.

Ndisakunamizeni: mayeso amenewa amangonena kuti alimo kapena mulibe, ndi kuti uyu waposa uyu. Kuti mudziwe mamiligalamu enieni pafunika titration ya sodium thiosulphate. Komanso timapepala titatu sitingayankhulire Mzimba yense. Koma pa funso langa, la mphika umene achemwali akudyamo, yankho linali lomveka.

Zimene ndinachita nazo

Loweruka ndinapita kwa agogo ndi paketi ya mchere ndi timabotolo tiwiri tija, kabuluu ndi koyera. Poyamba sanafune kumva. "Mchere ndi mchere, mdzukulu wanga. Wa mibuluwu umalowerera bwino m'nyemba, ndipo sutha msanga." Ndinawayalira timabotolo pamphasa n'kuwafotokozera kuti kabuluuka muli mankhwala oteteza khosi ndi mutu wa mwana amene akubwerayo, koyeraka mulibe. Anatiyang'anitsitsa nthawi yaitali, dzanja lili pakhosi. Kenako anafunsa ngati chotupa chawocho chingaphwe akayamba kudya wa m'paketi.

Linali funso lovuta, koma sindinawanamize. Chithokomiro chimene chakhala zaka zambiri kawirikawiri sichiphwa ndi mchere. Mcherewo umateteza amene sanatupe. Ndiponso si chotupa chilichonse chapakhosi chimene chimabwera chifukwa chosowa ayodini, ndiye woyenera kuchiona ndi dokotala, makamaka chikayamba kukula msanga kapena kuvutitsa pomeza ndi popuma. Agogo anangoti, "Ndiye wa mibuluwo ubwerere kukhola." Wa m'paketi tinauthira m'botolo louma la chivundikiro n'kuliika pa thandala, kutali ndi moto. Amalume alonjeza kuwaperekeza kuchipatala ku boma akagulitsa soya.

Kwa inu anzanga, nazi zochepa zoti mukanene kunyumba. Pogula mchere, gulani wa m'paketi yotseka yolembedwa kuti uli ndi ayodini. Woyezedwa pa mulu umene wakhala padzuwa ndi pafumbi simungadziwe komwe wachokera. Usungeni m'chinthu chouma chovundikira, osati pambali pa mafuwa: iodate ndi wolimba kuposa iodide, koma chinyontho ndi kutentha zimamuthabe pang'onopang'ono. Musatsuke mchere ndi madzi, chifukwa ayodini amakhala kunja kwa mibulu ndipo ndi amene amayamba kupita. Ndi bwino kuthira mchere ndiwo zikatsala pang'ono kupsa. Ndipo musati poti muli ayodini ndiye tizithira wambiri. Mchere wochuluka umakweza BP, ndipo kasupuni kamodzi patsiku n'kokwanira munthu wamkulu.

Chomaliza, wina asaganize zonyambita KI wa mu labu kapena kumwa ayodini wopaka pa mabala kuti ateteze khosi. Ayodini wochuluka amasokonezanso thyroid yomweyo. Pali nthawi imene madokotala amapereka wambiri dala, monga itaphulika nyumba yopangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl pa 26 Epulo 1986, pamene dziko la Poland linamwetsa ana oposa 10 miliyoni msakanizo wa Lugol uja kuti thyroid zawo zikhute ayodini wabwino, zisatole wa poizoni amene anali mumpweya. Imeneyo inali ngozi, ndipo mlingo wake ankayeza ndi achipatala. Ife wathu ndi wa mumchere basi.

Paja kandimverere anakanena za m'maluwa, ndiye musangokhulupirira zanga. A Madam avomera kuti Lachitatu likubwerali, nthawi ya kalabu ya sayansi, tiyese mchere wa aliyense wofuna. Bweretsani supuni imodzi ya mchere umene mukudya kunyumba, osati wogula dala m'mawa womwewo. Mukulunge m'pepala louma. Tidzalembapo nambala, osati dzina, kuti pasakhale wosekedwa, ndipo zotsatira tidzazimata pa bolodi pompano. Mandimu musiye kunyumba.



Wolemba: mnzanu wa Fomu 3, wa kalabu ya sayansi